Chimene Wochonga Amayang'ana mu Chimangirizo cha Chingerezi

Makolo, aphunzitsi anzanga, ndi inu ana athu amene mwakhala kumbuyoko, zikomo kwambiri pondipatsa mpata uwu. A komiti pondiitana anandiuza kuti dandaulo limene amalilandira kawirikawiri ndi lakuti mwana amalemba masamba atatu a Chingerezi odzaza mpaka m'mphepete, koma pepala likabwerera malikisi ake amakhala omvetsa chisoni, pamene mnzake amene analemba tsamba limodzi ndi theka wakhoza bwino. Ena amati pali kukondera, ena amati wochongayo anali ndi tulo. Ine ndachonga zimangirizo kwa zaka zambiri, m'kalasi komanso pa mayeso, ndipo lero ndikufuna ndikufotokozereni chimene munthu wogwira cholembera chofiira uja amayang'ana, kuti mwana akakupatsani pepala lake muzitha kuliwerenga, osangoyang'ana nambala ili pamwambayo.

Ndiyambe ndi chinthu chimene ife ochonga sitikonda kuchivomera pagulu. Chimangirizo sichichongeka ngati samu. Yankho la samu likakhala 12, wochonga aliyense adzapeza kuti ndi 12, koma chimangirizo chimadutsa m'maganizo a munthu, ndipo anthufe sitiwerenga mofanana. Vutoli linadziwika kalekale. M'chaka cha 1912, ku America, akatswiri awiri a maphunziro, Daniel Starch ndi Edward Elliott, anatenga mapepala awiri a mayeso a Chingerezi olembedwa ndi ana a sekondale, n'kuwachulukitsa, n'kuwatumiza kwa aphunzitsi a m'sukulu zosiyanasiyana kuti aliyense achonge payekha. Aphunzitsi 142 anachonga. Pepala loyamba wina analipatsa 64 pa 100, wina 98, ndipo lachiwiri linalandira malikisi kuyambira 50 mpaka 97. Taganizirani, mwana yemweyo ndi mawu omwewo, kwa mphunzitsi uyu walephera, kwa uyo ndiye patsogolo pa kalasi yonse.

Patapita zaka pafupifupi 50, mu 1961, Paul Diederich ndi anzake a ku bungwe lokonza mayeso ku America lotchedwa Educational Testing Service anapereka zimangirizo 300 kwa anthu 53 ophunzira bwino, ena aphunzitsi, ena alembi, ena maloya, ena akuluakulu a bizinesi. Anawapempha kuti azisanje m'magulu 9, kuyambira zofooka mpaka zabwino koposa, popanda kuwauza zoyenera kuyang'ana pochonga. Panalibe chimangirizo ngakhale chimodzi chimene owerenga anachiika m'magulu ochepera asanu, ndipo zimangirizo 94 pa 100 zilizonse zinapezeka m'magulu 7, 8 kapena onse 9. Chimene chimandigwira mtima pa kafukufukuyu ndi chifukwa chimene anachipeza. Owerengawo sanali aulesi kapena achinyengo, koma aliyense ankasakasaka chake. Wina ankafuna maganizo, wina kasanjidwe kake, wina kasankhidwe ka mawu, wina ankangowerengera zolakwika za galamala ndi zizindikiro za m'kalembedwe, pamene wina ankamvetsera ngati mlembiyo ali ndi liwu lakelake.

N'chifukwa chake mabungwe oyendetsa mayeso salola kuti munthu achonge monga mmene mtima wake wafunira. Ntchito isanayambe, ochonga amasonkhana ndipo amapatsidwa mlozo wonena chimene chimangirizo chiyenera kukhala nacho kuti chilandire malikisi akutiakuti. Kenako onse amachonga mapepala ofanana oyeserera, aliyense payekha, n'kuyerekeza zimene apeza. Pamenepa pamakhala mkangano weniweni, ndipo ndaonapo akuluakulu aimvi akutsutsana kwa ola lathunthu pa ndime imodzi ya mwana amene sadzamuona n'komwe. Wouma mtima amauzidwa kuti afewe, wopatsa mowolowa manja amauzidwa kuti aumeko. Ntchito ikayamba, mkulu wa gulu amatapa mapepala ena mwa amene achongedwa kale n'kuwachonganso, ndipo akapeza kuti wina wapatuka, mulu wake umabwerezedwa. Pa mayeso ambiri akuluakulu pepala limakhala ndi nambala m'malo mwa dzina, kotero wochonga sadziwa kuti mwanayo ndi wa yani. Zonsezi sizithetseratu kusiyana, koma zimakuchepetsa kwambiri.

Kachongedwe kali pawiri. Njira ina ndi yowerenga chimangirizo chonse kamodzi n'kupereka nambala imodzi molingana ndi mmene chakhalira chonsecho. Njirayi ndi yachangu, koma siuza mwana pamene wapunthwa. Njira inayo imagawa malikisi m'zigawo. Chitsanzo chodziwika bwino ndi mlozo umene Holly Jacobs ndi anzake anakonza mu 1981 wochongera ophunzira amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Mwa malikisi 100, iwo anapereka 30 ku mfundo, 25 ku kamangidwe ka ziganizo, 20 ku kasanjidwe ka nkhani, 20 ku mawu, ndipo 5 okha ku kalembedwe ka mawu, zilembo zazikulu ndi zizindikiro. Bungwe lililonse limagawa mwanjira yake, ndipo ena amalemeretsa galamala kuposa pamenepa, choncho mphunzitsi ayenera kudziwa mlozo wa mayeso amene ana ake akukonzekera. Komabe manambalawa akutionetsa kuti mwana akhoza kulemba popanda kulakwitsa chilembo ngakhale chimodzi, n'kulephera ndithu ngati alibe chonena.

Pa mfundo m'pamene ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa m'pamene ana ambiri amataya malikisi asanamalize n'komwe ndime yoyamba. Wochonga amayamba wadzifunsa kuti, kodi mwanayu wayankha funso limene wafunsidwa? Funso likati fotokoza zifukwa zimene ukugwirizana kapena kutsutsana ndi ganizo lakutilakuti, ndiye kuti akufuna mtsutso, mbali imene waima ndi zifukwa zake. Mwana akayamba kusimba nthano, ngakhale nthanoyo ikhale yokoma motani, wayankha funso lina. Likati lemba kalata, pafunika maonekedwe a kalata ndi ulemu woyenera amene akulemberedwayo, pakuti kalata yopita kwa mkulu wa ofesi siyamba ngati yopita kwa mnzako wapamtima.

Matenda aakulu pamenepa ndi kuloweza. Chaka china ndinachonga mulu wa mapepala pamene mutu unali wakuti mwana asimbe za tsiku limene anathandiza munthu wosamudziwa. Pepala loyamba linayamba ndi dzuwa likutuluka, mbalame zikuimba, kenako galimoto kugubuduzika, anthu kulira, ndipo mzere womaliza wokha ndi umene unatchula kuti mlembiyo anathandiza munthu wina kutuluka m'galimotomo. Pepala lachinayi linayamba ndi dzuwa lomwelo ndi mbalame zomwezo. Pofika pa lachisanu ndi chiwiri ndinkatha kunena chiganizo chotsatira ndisanachiwerenge. Anawa analoweza nkhani imodzi ya ngozi kuti aipinde pa mutu uliwonse umene ungabwere. Chimangirizo choloweza chimadziulula chokha, chifukwa Chingerezi chake chimakhala chosalala m'ndime zolowezazo, koma chikafika pamene mwana wasokerera mawu ake kuti agwirizanitse ndi funso, chimagwa mwadzidzidzi, ndipo msokowo umaoneka. M'mulu womwewo munali pepala la mwana amene anasimba mmene anawerengera kalata ya kuchipatala nkhalamba ina yosaona bwino, ndi mmene anachitira manyazi atafika pa mawu amene iye mwini sankawadziwa. Linali ndi zolakwika zingapo m'ndime iliyonse, koma linaposa onse a dzuwa ndi mbalame aja, ndipo mkulu wa gulu atalichonganso anagwirizana nane.

Za kasanjidwe sinditalikitsa. Wochonga amafuna kuona chiyambi chimene chikulozera kumene nkhani ikupita, thunthu limene ndime iliyonse yanyamula mfundo imodzi n'kuikulitsa, ndi mathero amene sakubweretsa nkhani yatsopano. Mwana amene watenga mphindi zisanu kulemba mfundo zake pambali asanayambe amaonekera, ndipo amene wangolumphira amaonekeranso, chifukwa amabwereza mfundo imodzi katatu atavala mawu ena.

Tikafika pa chiyankhulo penipeni, zolakwika sizilemera mofanana. Pali cholakwika chimene chimangokhumudwitsa diso, monga chilembo chimodzi chosowa m'mawu aatali, ndipo pali cholakwika chimene chimasokoneza tanthauzo. Ife amene timaganiza m'Chichewa tili ndi mlowam'malo mmodzi, iye, wa mwamuna ndi mkazi yemwe, pamene Chingerezi chimasiyanitsa "he" ndi "she". Mwana akasakaniza awiriwa m'nkhani ya bambo ndi mwana wawo wamkazi, wowerenga sadziwanso kuti wakwiya ndani ndipo wathawa ndani. Chimodzimodzi nthawi ya mneni: nkhani imayamba ndi zimene zinachitika kale, pakati yalumphira ku zimene zikuchitika tsopano, kenako yabwereranso. Palinso timawu tating'ono monga "a" ndi "the" timene m'chiyankhulo chathu mulibe, ndipo ana amatisiya kapena kutimwaza paliponse. China ndi chiganizo chopanda mpumiro, chimene chimayenda mizere isanu ndi umodzi chikulumikizidwa ndi mipatuliro yokhayokha mpaka wowerenga atatha mpweya. Wochonga wabwino amayang'ana ngati cholakwikacho chikubwerezabwereza, zomwe zimasonyeza kuti mwanayo lamulolo sakulidziwa, kapena ngati chachitika kamodzi chifukwa cha changu. Amayang'ananso kulimba mtima, pakuti mwana amene wayesa ziganizo zazitali zolumikizana bwino n'kupunthwa kawiri amaonetsa luso loposa amene walemba tiziganizo ta mawu anayi tokhatokha poopa kulakwa.

Mawu akuluakulu ndiye msampha umene makolofe timauthandizira. Mwana akatchula liwu lalitali limene sitinalimvepo timaomba m'manja kuti Chingerezi chalowa. Koma liwu lotoledwa mu dikishonale n'kuikidwa pamalo posayenera limachotsa malikisi m'malo mowonjezera, chifukwa limaulula kuti mlembiyo sakudziwa tanthauzo lake. Chimene mlozo umatamanda ndi liwu loyenera pamalo pake.

Nanga utali? Apa ndinene mosabisa kuti ochonga amakopeka nawo. Mu 2005, pamene mayeso olowera ku koleji ku America otchedwa SAT anayamba kukhala ndi chimangirizo cha mphindi 25, Les Perelman wa ku sukulu ya ukachenjede ya Massachusetts Institute of Technology anaonetsa kuti zimangirizo zazitali ndi zimene zinkalandira malikisi apamwamba kawirikawiri, ngakhale zina zinali ndi mfundo zabodza. Makompyuta ochonga zimangirizo, amene Ellis Page anayamba kuwayesa m'zaka za m'ma 1960, akhala akudzudzulidwa pa chifukwa chomwechi. Koma pamene funso lanena chiwerengero cha mawu, mwana atsate chimenecho. Wolemba moperewera amasowa malo okulitsira mfundo, ndipo wopyola kwambiri amangochulukitsa zolakwika ndi kudya nthawi ya mafunso ena. Masamba atatu aja a m'dandaulo lanu nthawi zambiri amakhala mfundo ziwiri zozungulirazungulira.

Ndiulule cholakwa changa. M'chaka changa choyamba ndinapatsa malikisi apamwamba pepala lina lolembedwa mwaukhondo, zilembo zoima ngati zosindikiza, ndipo lotsatira, lokhwatchakhwatcha ndi lofufutafufuta, ndinalipatsa ochepa. Mayi wina amene ankatiyang'anira anatenga mapepala awiriwo, n'kundiuza kuti nditseke maso, iye n'kuwawerenga mokweza. Ndi makutu okha ndinamva kuti loyera lija silinanene kanthu, pamene lokhwatcha lija linali ndi mtsutso wogwira. Ndinachita manyazi, ndipo kuyambira tsiku limenelo pepala likandikongolera ndimaliwerenga kawiri. Komabe ana inu musatengerepo mwayi, chifukwa chimene wochonga walephera kuchiwerenga sangachipatse malikisi.

Aphunzitsi anzanga, kuchonga kwa pa mayeso ndi kwa m'kalasi zili ndi zolinga zosiyana. Pa mayeso timayeza, ndipo pepalalo mwana mwina sadzalionanso. M'kalasi timaphunzitsa, choncho nambala yokha ndi mawu akuti uyesetse sizithandiza. Kufiiritsa tsamba lonse nakonso kumangomufooketsa mwana, moti amalipinda n'kulibisa pansi pa chikwama. Ndi bwino kusankha zolakwika ziwiri zobwerezabwereza, kuzilemba pansi momveka, ndi kumuuza kuti alembenso ndime imodzi atazikonza. Muwaonetsenso mlozo umene mukuchongera, ndipo nthawi zina muwapatse zimangirizo ziwiri zopanda mayina kuti achonge okha m'magulu, chifukwa mwana amene wakhalapo pa mpando wa wochonga amayamba kuona zimene pepala lake likusowa.

Inu makolo, ngakhale amene Chingerezi simuchidziwa, muli ndi gawo. Mwana akabwera ndi pepala, mufunseni kuti funso linkafuna chiyani, ndipo akufotokozereni m'Chichewa. Kenako akuuzeni mfundo ya ndime iliyonse m'chiganizo chimodzi. Akakanika kunena chimene ndime yachitatu ikunena, kapena mukamva kuti yachiwiri ndi yachinayi zikunena chinthu chimodzi, mwapeza pamene malikisi anathawira, ndipo mukapita kukaonana ndi aphunzitsi ake mukafunse kuti mwa mfundo, kasanjidwe ndi chiyankhulo, mwanayo akutsalira pati. Ndaona manja angapo akwezedwa kumbali uko, tiyambe ndi mayi avala zobiriwirawo.