Usanaitanitse mtengo wina wa mfuti, yamba waona izi

Mphwanga, waswera bwanji uko ku Jali? Uthenga wako ndaumva. Ndati ndikuyankhe ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ukhale pansi umvetsere bwino.

Ukuti mu Okutobala mfuti yako ya .308 inkamenya pomwe waloza, koma chiyambireni mvula zipolopolo zikuthawira m'mwamba chakumanzere, ndiye ukufuna kuitanitsa ku Johannesburg mtengo wina, thabwa lija limene chitsulo cha mfuti chimagonapo. Ndalama zimenezo zisunge kaye. Mwina tidzafika pogula, koma nthawi zambiri mtengo womwewo umakonzeka, bola udziwe pamene ukulakwitsa.

Usanagwire chilichonse, chotsa magazini, tsegula boliti, chitsulo chija chokankhira chipolopolo m'malo mwake, ndi kuichotseratu, uyang'ane m'kati ndi maso, ulowetsenso chala. Zipolopolo ukaziike chipinda china n'kukiya. Ana asakhale pafupi. Zimenezi uzichita nthawi iliyonse, ngakhale ukudziwa kuti mulibe kanthu.

Tsono umve chimene chikuchitika. Mfuti ikalira, mpope wodutsamo chipolopolo uja umanjenjemera, kunjenjemera kosaoneka ndi maso, chipolopolo chisanatuluke n'komwe. Limenelo si vuto, malinga uzinjenjemera mofanana nthawi zonse. Vuto limayamba mtengo wa kutsogolo uja ukamakhudza mpope, lero pang'ono, mawa kwambiri. Thabwa limamwa chinyezi. Waona mmene chitseko cha nyumba ya agogo ako chimachitira, Januwale chimakana kutseka, Okutobala chimasiya mpata wolowa buluzi. Mtengo wa mfuti umateronso. Nanga Zomba yathu ino, mvula ya m'phiri, nkhungu yotsika ku Chawe, kenako chiperoni cha Juni ndi Julayi, kenako ng'amba. Thabwalo silipuma. Likafufuma n'kukankha mpope kuchokera pansi chakumanja, zipolopolo zipita m'mwamba chakumanzere, ndendende zimene ukudandaulazo.

Koma yambira pa masikuluwu, chifukwa salira ndalama. Ona onse a scope, galasi lija loyang'aniramo poloza, ngati ali olimba. Kenako awiri aja a pansi amene amamanga chitsulo chapakati, action ija, kumtengo. Amasule pang'ono, imika mfuti choongoka thako lili pansi kuti chitsulo chikhazikike cham'mbuyo, umange la kutsogolo, utsirize la kumbuyo. Usamange ndi mphamvu zako zonse ayi, ungaphwanye thabwa m'kati. Kabwereke kwa amakaniko torque wrench yaing'ono, sipanala ija yoyeza mphamvu yomangira mu Nm. Pa mtengo wa thabwa ambiri timamanga pakati pa 3.5 ndi 4 Nm, koma ngati kabuku ka mfuti yako kanena nambala ina, tsatira kabukuko. Nambalayo uilembe, uzibwerera pomwepo nthawi zonse.

Ukatero tenga K1,000 yapepala, uikulunge pansi pa mpope kutsogolo, ugwire mbali zonse ziwiri, uziikoka kubwerera nayo kumbuyo. Ikuyenera kuyenda osakodwa mpaka pafupi ndi action. Pamene yaima, pamenepo ndiye pakukhudza. Uyesenso mfuti itagona pathumba la mchenga monga umawombera, chifukwa mitengo ina imapindika ikalemedwa.

Pali kuyesa kwina kumene anthu amakuiwala. Ika chala pamene mpope wakumana ndi nsonga ya mtengo, dzanja linalo lizimasula sikuluwu ya kutsogolo pang'onopang'ono. Ukamva mpope ukusuntha pansi pa chala, dziwa kuti action sinakhale bwino pamalo pake, masikuluwu akuchita kuipinda. Limenelo ndi vuto lachiwiri, ndibwererako.

Tsono apa mvetsetsa, usathamangire sandipepa. Mfuti zina za mpope wowonda anazipanga dala kuti nsonga ya mtengo izikankha mpope m'mwamba pang'ono, ndipo zina zimamenya bwino choncho. Thabwa ukalipala silibwerera. Ndiye yamba wayesa motere: dula tizidutswa ta khadi lakale la banki, uboole, uike pansi pa action pamene padutsa masikuluwu, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti chitsulo chonse chikwere pang'ono mpope usiye kukhudza. Kawombere zisanu. Zikaunjikana pamodzi kuposa kale, wapeza yankho, pala. Zikabalalika, chotsa makhadiwo, mtengowo usaupale. Ndipo mnzako wina akakhala ndi .303 Lee-Enfield, mtundu uja ankanyamula asilikali a King's African Rifles, aja a chipilala cha pafupi ndi Cobbe Barracks, umuuze kuti malangizo anowa si a mfuti yake. Imeneyo mtengo wake ndi wa zidutswa, kagonedwe ka mpope wake n'kena, akapala aiononga.

Kupala kwake n'kotere. Vula chitsulo mumtengo. Yatsa koloboyi, udutsitse pansi pa mpope msangamsanga kuti pagwire mwaye wokha, osati kuutenthetsa. Bwezera, manga masikuluwu, masulanso. Uona madontho akuda m'ngalande ya mtengo muja. Pala pakuda pokhapo. Dula chidutswa cha mpini wa tsache, kapena tenga soketi ya sipanala yofanana kukula ndi ngalandeyo, ukulunge sandipepa wa 80, uziyendetsa motsata utali. Pala pang'ono, bwezera, ona, palanso. Milomo ya pamwamba ya ngalande uisamale kuti mpata ukhale wofanana uku ndi uku. Ine ndimafuna mpata wa milimita imodzi kuzungulira, chifukwa kuno thabwa limayenda kwambiri, mpata wongokwana pepala limodzi umatsekeka mvula ikalimba. Utsirize ndi sandipepa wosalala wa 220.

Ukatha kupala, usasiye thabwa lili pamtunda. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Wachotsa utoto wa kufakitale, ndiye chinyezi chilowa mosavuta kuposa kale. Sungunula vanishi ndi thinala pang'ono, upake m'ngalande monse ndi kansalu, aume, upakenso, katatu. Upakenso m'kati mokhala magazini. Umasulenso labala wa kuthako upake pansi pake, pakuti kumapeto kwa thabwa ndi kumene kumamwa madzi koposa. Mafuta a linseed amakongoletsa kunja koma satchinga chinyezi ngati vanishi. Oyilo wa galimoto ndiye asayandikire n'komwe, amafewetsa thabwa. N'chifukwa chake ukapaka mafuta mumpope, mfuti uziisunga kukamwa kwa mpope kuli pansi, kuti asatsikire m'mtengo.

Tibwerere ku vuto lachiwiri lija, la action yosakhazikika. Pansi pa chitsulo, chakutsogolo, pali kachitsulo kotulukira kamene kamalowa m'bowo la mtengo, amati recoil lug. Ndi kamene kamalandira kukankha konse mfuti ikalira. Bowolo likakula kapena kufewa, chitsulo chimabwerera pamalo osiyana ukawombera kulikonse, ndiye zipolopolo sizingagwirizane. Mankhwala ake n'kuumba pogona patsopano ndi epoxy, guluu wolimba wochita kusakaniza, kuti chitsulo chizikhala mothina pamalo amodzimodzi.

Ugule epoxy wouma pang'onopang'ono, wolimba ngati phala losakanizidwa ndi chitsulo, osati uja wa mphindi zisanu, ameneyo akuumira m'manja usanakonzeke. Chotsa trigger yonse, ija umakoka ndi chala powombera, ndi bokosi la magazini pachitsulo. Mumtengo, sema ndi tchizulo mamilimita awiri kapena atatu kumbuyo kwa bowo la lug ndi pansi pa action kutsogolo, komanso pang'ono kumchira kumene kuli sikuluwu ya kumbuyo. Koma usiye kamalo kakang'ono kosasema kumchirako kuti chitsulo chisatsike. Posemapo pakhale pokakala kuti epoxy agwire. Pa lug, mata tepi kutsogolo, m'mbali ndi pansi, kumbuyo kokha ndiye kukhale kopanda tepi chifukwa ndi kumene kuyenera kugunda. Kulunganso tepi pampope chakutsogolo mpaka ukhale pakati penipeni pa ngalande.

Tsono ichi ndiye usachiphonye, ndikubwereza, usachiphonye. Bowo lililonse ndi mng'alu uliwonse wa pachitsulo utseke ndi plasticine, dongo lija amaumbira ana kusukulu ya mkaka. Kenako paka polishi wa nsapato wopanda mtundu pachitsulo chonse, pamasikuluwu, m'mabowo mwake, ndi pa tepi pomwe. Aume, pukuta pang'ono, pakanso. Ukasiya malo osapaka, kapena epoxy akalowa m'bowo n'kuuma, chitsulo ndi mtengo zikwatirana mpaka kale, pozilekanitsa udzachita kuswa mtengo. Kunja kwa mtengo umatenso tepi kuti usade.

Sakaniza epoxy monga alembera pachitini, thira, tsitsa chitsulo mowongoka. Masikuluwu ulowetse kuti angolondolera malo, usamange. Chogwira chikhale mphira wa chubu cha njinga, uzengeze mozungulira action mosakoka kwambiri. Ukamanga masikuluwu mwamphamvu uumba kupindika komwe kuja umafuna kuchotsa. Wotulukira m'mbali upukute asanaume. Pakatha maola angapo, tembenuza masikuluwu pang'ono kuti asagwidwe. Usiye tsiku lathunthu, maola 24, kenako menya pansi pa mpope ndi chikhatho, chitsulo chidzuka. Boola pang'ono mabowo a masikuluwu a mumtengo kuti masikuluwuwo asamakhudze m'mbali, chifukwa akamalandira ndiwo kukankha, mtengo umang'aluka. Udikire masiku ena awiri kapena atatu usanawombere. Mtima ukamakayika pa ntchito imeneyi, ubwere nayo kuno tidzachitire limodzi, utanyamula mapepala ako a chilolezo.

China chimene sichilira epoxy ndi kukwanirana kwa mtengo ndi thupi lako. Tsinzina, kweza mfuti paphewa, tsamiritsa tsaya, tsegula maso. Ngati ukuona bwino m'scope osasuntha mutu, zili bwino. Ngati ukuchita kukweza mutu, msana wa mtengo watsika, ndipo mutu wolendewera sukhala malo amodzi kawiri. Mangirirapo kachikopa ndi siponji yolimba pansi pake mpaka diso lifike. Kuchoka pa trigger kufika kuthako, mfuti zambiri zimakhala masentimita 34 kapena 35. Iwe ndiwe wamtali, mwina ufunika kuwonjezera kathabwa pansi pa labala. Scope italikirane ndi diso pafupifupi masentimita 8, ingakuteme pachikope.

Nanga kugula? Gula ngati mtengo wang'aluka pakhosi pogwira dzanja paja, wapotoka moonekeratu, kapena wafewa ndi mafuta. Pa nyengo yathu ino ine ndingasankhe wa laminate, uja wa timatabwa tambiri tomatikiza, kapena wa fibreglass wokhala ndi aluminiyamu m'kati. Apulasitiki otchipa aja ndimawakana, kutsogolo kwake kumapindika ukangotsamiritsa. Uonetsetse kuti ndi wa mtundu weniweni wa mfuti yako, utali wa action ndi kunenepa kwa mpope zigwirizane, ndipo ufunse kupolisi ndi ku MRA usanalipire. Ukafuna wosemetsa konkuno, mlombwa wouma bwino ndi wabwino chifukwa sufufuma kwambiri, mizere yake iyende mowongoka podutsa pakhosi. Paini wa m'phirimu ayi, ngofewa.

Poyesa, funsa apolisi malo oyenera. Kumbuyo kwa chandamale kukhale chulu chachikulu kapena khoma la dothi lopanda miyala, chifukwa chipolopolo cha .308 chimatha kuuluka kupitirira makilomita atatu, ndipo kwathu kuno kulibe tchire lopanda munthu. Tseka makutu. Mamita 100, thumba la mchenga pansi pa mtengo osati pansi pa mpope, zipolopolo za bokosi limodzi, zisanu, mpope uzizizira pakati. Yeza ndi lula mpata wa pakati pa zipolopolo ziwiri zotalikirana kwambiri pachandamale. Zikakhala m'kati mwa masentimita atatu kapena anayi, pa ulenje zakwana, nyama igwa pomwepo osati kukafera kutali ndi bala. Lemba tsiku ndi nyengo papepalalo. Usinthe chinthu chimodzi, uyese, kenako china. Ukachita zonse tsiku limodzi sudzadziwa chimene chathandiza, ndipo zipolopolo n'zodula. Udzayesenso nthawi ya chiperoni ndi mu Okutobala, pamenepo ndiye tidzadziwe kuti mtengo wasiya kuyenda.

Ntchito yonseyi ndi ya pathabwa basi. Nambala ya mfuti, utali wa mpope ndi zam'kati mwa trigger usazikhudze. Chilolezo cha apolisi chosunga mfuti si chilolezo chosakira, chimenecho ukatenge ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Ku Liwonde ndi m'nkhalango ya m'phirimu usayerekeze, lamulo analikhwimitsa mu 2017, pa nyama zotetezedwa kwambiri munthu amatha kulowa zaka 30.

Loweruka lino uchite ziwiri zokha, masikuluwu ndi K1,000 ija, undiuze pamene yaima. Epoxy usagule kaye. Upereke moni kwa mayi ako ndi apongozi anga kumeneko.