Peter Heather, mphunzitsi amene anatsatira a Goth mpaka kugwa kwa Roma

[Pa kanema: mapu a mtsinje wa Danube]

Moni nonse. Tiyambire pa 9 Ogasiti chaka cha 378, pafupi ndi mzinda wa Adrianople, womwe lero ndi Edirne ku Turkey. Asilikali a Roma ayenda m'mawa wonse dzuwa likuswa mtengo, m'mimba muli pululu. A Goth, mtundu wa anthu ochokera kutsidya kwa mtsinje wa Danube, ayatsa tchire kuti utsi ndi ludzu ziwafoole. Pofika madzulo mfumu ya Aroma Valens yafa, mtembo wake osapezeka, ndipo mwa asilikali atatu alionse, awiri atsala pomwepo. Anatisiyira nkhaniyi ndi Ammianus Marcellinus, amene naye anali msilikali.

A Goth amenewa ndiwo anapangitsa kuti Peter Heather, katswiri wa mbiri yakale, adziwike. Bamboyu anabadwa mu 1960 ku Northern Ireland, nachita maphunziro ake ku New College, Oxford. Mu 1991 anatulutsa buku lakuti Goths and Romans 332–489. Anaphunzitsako ku University College London, ku Yale ndi ku Worcester College, ndipo mu 2008 anakhala pulofesa ku King's College London.

Koma chimene chinamutchukitsa ndi mkangano. Akatswiri ena, monga Walter Goffart, ankati Roma wakumadzulo (ufumu wa Roma unali utagawika pawiri, kum'mawa ndi kumadzulo) sanagwetsedwe ndi adani, anangosintha pang'onopang'ono n'kulandira alendo. Heather, m'buku la 2005 lakuti The Fall of the Roman Empire, anakana. Iye akuti a Hun, mtundu wa ankhondo okwera pa akavalo, atabuka kum'mawa, anakankha a Goth, omwe anawoloka Danube mu 376, ndipo magulu ena anawoloka Rhine cha m'ma 406.

[Pa kanema: ndalama yagolide ya Roma]

Apa mvetserani bwino, pakuti mpamene pagona nkhani. Msilikali amafuna malipiro. Malipiro amachokera ku msonkho, msonkho umachokera m'minda. Chigawo chilichonse chimene alendowa alanda, thumba la boma laphwa, asilikali achepa, mawa chigawo china chapitanso. Mu 439 a Vandal, limodzi la magulu amene anawoloka Rhine aja, analanda mzinda wa Carthage kumpoto kwa Africa, nkhokwe ya tirigu ndi msonkho ya kumadzulo konse. Kwa ine, mfundo imeneyi njovuta kuitsutsa, chifukwa imafotokoza nkhondo osayiwala mlimi.

Sikuti onse anawomba m'manja ayi. Akatswiri anzake Guy Halsall ndi Michael Kulikowski amati Heather amakuza kwambiri za kusamuka kwa mitundu, pamene Aroma ankathana okhaokha pa nkhondo zolimbirana mpando. Nawonso ali ndi mfundo, tisaname.

Heather amaloza chaka cha 468. Aroma akum'mawa ndi akumadzulo anasonkha chuma, natumiza zombo zambirimbiri kukalanda Carthage. Pafupi ndi Cape Bon, kufupi ndi Carthage komweko, a Vandal anakankhira zombo zoyaka moto pakati pawo, mphepo n'kumaliza ntchito. Patangotha zaka 8, mkulu wa asilikali dzina lake Odoacer anachotsa pampando wachifumu wa Roma wakumadzulo kamnyamata kotchedwa Romulus Augustulus, ndipo panalibenso asilikali oti akateteze.