Aphungu onse amaikonda CDF, nanga ntchito zake zimachokera pati?

[Chithunzi: Nyumba ya Malamulo ku Lusaka]

Moni nonse a kuno ku Chipata, Katete, Lundazi mpaka ku Petauke. Aphungu athu amakangana pa msonkho, pa feteleza, pa nkhongole za dziko, koma ikafika CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, mkangano umazilala. Lero tikufotokozereni chifukwa chake.

Mu bajeti ya 2022, nduna ya zachuma a Situmbeko Musokotwane anakweza thumbali kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Madera onse 156 a nthawiyo pamodzi, zinali ndalama zoposa pang'ono K4 biliyoni. Mu 2023 linafika K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, mu 2025 K36.1 miliyoni. Dera lililonse limalandira chimodzimodzi, phungu akhale wa UPND, wa PF kapena woima payekha. Ndiye ndani angaimirire kukana ndalama zopita kwawo, chisankho chili pakhomo? Kufanana kumeneku kuli ndi bvuto lake: Vubwi, ya anthu ochepa, imalandira zofanana ndi Chipata Central, komwe achinyamata osowa ntchito ali mbwee.

[Chithunzi: kalipentala akukhoma desiki]

Voti ya aphungu ku Lusaka siilemba munthu ntchito. Malangizo a 2022 anagawa thumbali motere: akachotsa 5 peresenti yoyendetsera ntchito, zotsalazo 60 peresenti imapita ku zomangamanga, 20 ku magulu a amayi ndi achinyamata, ina 20 kulipirira ana a ku boding'i ndi ophunzira maluso. Pa K25.7 miliyoni paja, za zomangamanga zinali pafupifupi K14.6 miliyoni, ndipo ntchito zambiri zili pamenepa: womanga kalasi, wotuta mchenga, wowotcherera mafelemu a mawindo, wokhoma madesiki.

Njira yake ndi iyi. Pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya m'wadi, WDC. Ikalivomera, limapita ku komiti ya CDF ya dera lonse, momwe phungu amakhalamo, kenako akuluakulu a boma amalisainira, khonsolo n'kuitana makontirakitala. Kontirakitala amafunika kampani yolembetsedwa ku PACRA (bungwe lolembetsa makampani), TPIN (nambala ya msonkho) ndi kalata ya ZRA yosonyeza kuti msonkho ali nawo bwino, komanso satifiketi ya NCC (bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga) ngati ndi zomanga. Amisiri ambiri a m'makomboni luso ali nalo, mapepalawa alibe. Tenda imagwera wina wakutali, iwo n'kutsala ndi ganyu ya tsiku ndi tsiku.

Nthawi nayonso imadya ntchito. Chaka cha bajeti chimayamba mu Januwale, mkati mwa dzinja. Mapepala akachedwa kusainidwa, miyezi youma imatha, maziko n'kukumbidwa mu Novembala mvula itayamba. Lole ya simenti imatitimira m'matope, mitengo ya zipangizo yakwera kale kuposa ya pa pepala, khoma n'kuimira pa windo.

Ku magulu kuja, gawo lina ndi thandizo losabweza, gawo lalikulupo ndi nkhongole. Apa tinene mosabisa: gulu lopangidwa sabata yomwe mafomu atuluka silikhalitsa. Ndalama ikangolowa, anthu amagawana, wina njinga, wina malata, ndipo yoti abwereke ena chaka chamawa palibe. Gulu lomwe linali kale ndi chigayo kapena logula mtedza ndi soya, lili ndi buku la ndalama, ndilo limalemba munthu wina ntchito.

Phungu wanu akadzati "ndabweretsa CDF", mufunseni zitatu. Pa ndalama za chaka chatha, zagwiritsidwa ntchito ndi zingati? Makontirakitala a m'dera lino anali angati? Nkhongole zabwezedwa zingati? Mayankho ali ku khonsolo, ndipo khansala wanu amakhala m'komiti ya WDC, mungayambire kwa iye.