Chikondi cha kunyumba yachifumu ya Henry VIII: owerenga amakanganiranji?

[Pa sikirini: nyumba yachifumu ya Hampton Court, kenako tsamba la ndemanga za owerenga]

Takulandirani nonse. Tsegulani Goodreads, tsamba la pa intaneti pomwe owerenga amalemba ndemanga za mabuku, musake buku lililonse la chikondi lomwe nkhani yake ikuchitikira kunyumba yachifumu ya Henry VIII, mfumu ya England kuyambira 1509 mpaka 1547. Mupeza owerenga atagawikana. Wina wapereka nyenyezi zisanu, akuti tulo sanatione. Wina wapereka imodzi yokha, akuti wolemba wanama kuyambira tsamba loyamba. Buku lake n'lomwelo. Lero tisanthula madandaulo amenewa kuti tione omwe ali ndi phata, kenako tikuonetsani kayezedwe ka buku lotere musanataye ndalama zanu.

Maganizo athu tinenetu. Wolemba akasuntha tsiku la phwando, kapena kuphatikiza antchito awiri kukhala munthu mmodzi, buku silionongeka. Limaonongeka akanyalanyaza kayendetsedwe ka nyumba yachifumuyo, chifukwa chomwe chimakoka owerenga ndi zopinga za pamalopo: zitseko, alonda, makutu a antchito, ndi lamulo lomwe linkadula mutu wa munthu chifukwa cha mawu.

[Pa sikirini: mayina a akazi asanu ndi mmodzi a Henry VIII]

Dandaulo loyamba ndi la mathero, ndipo sitichedwapo. Ogula mabuku a chikondi amayembekezera zinthu ziwiri: chikondi chikhale msana wa nkhani, ndipo okondanawo athere pabwino. Tsono nkhani ya Anne Boleyn, mkazi wachiwiri wa Henry, imathera ku ndende ya Tower of London pa 19 Meyi 1536, pomwe anamudula mutu ndi lupanga. Ya Catherine Howard, mkazi wake wachisanu, imathera pamalo omwewo pa 13 Febuluwale 1542. Buku la akazi awiriwa likavekedwa chikuto cha chikondi chokoma, wowerenga wokwiya sakulakwa. Wolakwa ndi amene anasankha chikutocho. N'chifukwa chake olemba odziwa ntchito yawo amakonda kupeka mtsikana wotumikira mfumukazi n'kumuika pakati pa nkhani, mfumu ndi akazi ake n'kukhala chakumbuyo. Wopekayo akhoza kupulumuka n'kukwatiwa, mbiri osaphwanyika.

Dandaulo lachiwiri ndi lomwe limadzaza masamba: kodi Anne anali mkazi wamtima wachabe wolanda mwamuna wa mnzake, kapena mkazi wanzeru amene ananamiziridwa? Apa owerenga amayesa akutsutsana ndi wolemba, chikhalirecho akutsutsana ndi mboni zomwe wolembayo anadalira.

[Pa sikirini: chithunzi cha Eustace Chapuys]

Zambiri zomwe timadziwa za zaka zimenezo zimachokera m'makalata a Eustace Chapuys, kazembe amene anafika ku England mu 1529. Bwana wake anali Mfumu Charles V ya ku Spain, ndipo Catherine wa ku Aragon, mkazi woyamba yemwe Henry ankafuna kumusiya, anali azakhali ake a Charles a kuchikazi, mng'ono wa mayi ake. Chapuys sankamutcha Anne mfumukazi. Ankangomutchula kuti mayi uja kapena mdzakazi wa mfumu. Makalata ake ndi chuma kwa olemba mbiri, koma mumawawerenga mukudziwa mbali yomwe mwini wake anaima. Nkhani yoti Anne anali ndi zala zisanu ndi chimodzi ku dzanja limodzi, yomwe imabwerabe m'mabuku ena, inafalitsidwa ndi Nicholas Sander m'buku lomwe linasindikizidwa mu 1585, patatha zaka pafupifupi 50 Anne ataphedwa. Sander anali mwana wamng'ono pomwe Anne ankafa, ndipo ankadana ndi ulamuliro wa Mfumukazi Elizabeth I, mwana wa Anne yemweyo.

Mawu a Anne mwini ndi ochepa kwambiri. Makalata 17 achikondi omwe Henry anamulembera alipo mpaka lero ku laibulale ya ku Vatican, koma mayankho a Anne anasowa. Ngakhale chaka chomwe anabadwa akatswiri amatsutsana, ena amati 1501, ena 1507. Ndiye wolemba akatiuza zomwe Anne ankaganiza usiku, akupeka, ndipo ndi ufulu wake. Pomwe ife timaikira kumbuyo owerenga odandaula ndi pa milandu ya 1536. Amuna asanu anaphedwa pa 17 Meyi: mlongo wake George Boleyn, Henry Norris, Francis Weston, William Brereton ndi woimba Mark Smeaton. Wovomera mlandu anali Smeaton yekha. Katswiri wa mbiri Eric Ives anaonetsa kuti pa masiku ambiri omwe mlandu unatchula, Anne kapena mwamuna woganiziridwayo anali kwina. Wolemba amene walemba chigololocho ngati chinachitikadi, osachenjeza kumapeto kwa buku, wamuipitsira mbiri munthu weniweni amene sangadziyankhire.

[Pa sikirini: mapu a zipinda za mfumu, chipinda ndi chipinda]

Tsopano tifike pomwe mabuku ambiri amagwera, ngakhale owerenga satchulapo kawirikawiri. Amangolemba kuti nkhani inali yozizira, osadziwa chomwe chaiziziritsa.

Zipinda za mfumu zinkasanjidwa motsatizana, ndipo khomo lililonse linkasefa anthu. Mukadutsa holo yaikulu mumafika m'chipinda cha alonda. Kenako chipinda cholandiriramo alendo, momwe munali mpando wachifumu. Kuseri kwake kunali zipinda za mfumu zamkati, komwe nduna zambiri sizinkapondako popanda kuitanidwa. Malamulo a ku Eltham a mu 1526, omwe anakonza Kadinala Wolsey, nduna yaikulu ya mfumu pa nthawiyo, anatchula ndi chiwerengero chomwe cha otumikira mkatimo: amuna olemekezeka asanu ndi mmodzi, osunga khomo awiri, antchito anayi, wometa mmodzi ndi kamnyamata kotumidwa. Anawalamulanso kusunga chinsinsi ndi kusafunsafunsa komwe mfumu ikupita. Wamkulu wa onsewo anali wothandiza mfumu ikamapita kuchimbudzi. Musaipeputse ntchito imeneyo. Munthuyo ndiye ankakhala ndi mfumu pawiri, ndipo aliyense wofuna malo, udindo kapena chikhululuko ankamufuna. Kuyambira 1526 ntchitoyi anaigwira Henry Norris, yemwe tamutchula uja.

Kwa mfumukazi kunali chimodzimodzi. Sankavala yekha, chifukwa chovala cha nthawiyo chinali cha zidutswa zomangidwa ndi zingwe ndi mapini, manja ake olumikiza padera. Usiku pankagona wantchito pafupi. Atsikana omutumikira anali ndi mayi wowayang'anira. Nyumba yonse inkadyetsa anthu mazanamazana kawiri pa tsiku, ndipo inkasamuka pafupipafupi pakati pa Greenwich, Whitehall, Hampton Court ndi Windsor, kawirikawiri pa maboti mumtsinje wa Thames, kuti pomwe achokapo payeretsedwe.

Ndiye taganizirani buku lomwe mtsikana akutuluka yekha pakati pa usiku, n'kukakumana ndi mfumu m'munda wamaluwa, osaonedwa ndi munthu. Wolemba wachotsa chinthu chomwe chikanatigwira pakhosi. Yerekezani ndi zomwe zinachitikadi mu 1541, pa ulendo wa mfumu wa kumpoto kwa England. Kuti Catherine Howard aonane mwamseri ndi Thomas Culpeper, mmodzi wa otumikira mfumu, ku Lincoln ndi ku Pontefract, panafunika munthu wachitatu, Jane Rochford, mayi wotumikira mfumukazi, woti afufuze masitepe akuseri pa nyumba iliyonse yomwe afika ndi kulondera pakhomo. Antchito ena anaona kuti mfumukazi ikuchedwa kugona ndipo zitseko zikutsekedwa mosazolowereka. Atafunsidwa, ananena. Culpeper anaphedwa mu Disembala chaka chomwecho, ndipo Jane anaphedwa tsiku limodzi ndi mfumukazi yake. Chinsinsi cha kunyumba yachifumu chinkafuna mkhalapakati, ndipo mkhalapakati aliyense anali mboni ya mawa.

[Pa sikirini: kalata yolembedwa pamanja ya zaka za m'ma 1500]

Palinso masewera a chikondi omwe anali mwambo pamalopo. Mnyamata ankayenera kudzionetsa ngati wakomoka ndi mfumukazi, kumulembera ndakatulo, kuvina naye, onse akudziwa kuti ndi ulemu chabe. Owerenga ena amadandaula kuti m'mabuku amenewa aliyense akufunsira aliyense. Zinalidi choncho. Choopsa chinali malire ake. Kumapeto kwa Epulo 1536, Anne anafunsa Norris chifukwa chomwe akuchedwera kukwatira chibwenzi chake. Norris atayankha kuti adikira kaye, Anne anamuuza kuti akudikira kulowa chokolo, kuti mfumu itati yafa angafune kumutenga iyeyo. Norris anayankha kuti akanakhala ndi ganizo lotero, bola mutu wake udulidwe. Lamulo la mu 1534 linali litaika kale mawu ofunira mfumu zoipa m'gulu la milandu youkira. Pasanathe milungu itatu, mutu wa Norris unadulidwadi. Nkhaniyi timaidziwa chifukwa Anne anaikamba yekha ali m'ndende, amayi omulondera n'kukauza William Kingston, woyang'anira Tower, iye n'kulembera Thomas Cromwell, nduna yaikulu ya mfumu m'zaka zimenezo. Wolemba amene wamvetsa zimenezi safunika zigawenga zobisala m'makatani. Chiganizo chimodzi cholankhulidwa pagulu chimakwanira.

Dandaulo lina lomwe mudzalipeze paliponse ndi loti mtsikana wa m'bukumo ndi wamakono wongovekedwa zovala zakale. Ena amayankha kuti akazi olimba mtima analipo kuyambira kale. Onse akunena zoona, ndipo chowasiyanitsa ndi mtengo womwe mtsikanayo akulipira. Ukwati wa anthu apamwamba unali mgwirizano wa malo ndi chuma, wokambidwa ndi akuluakulu a mbali zonse, monga momwe kwathu ukwati wopanda ankhoswe suwerengedwera. Kungoti kumeneko mfumu nayo inali ndi mawu.

Okwatirana mwa okha analipo. Mary Tudor, mlongo wake wa Henry, anakwatiwa ndi Louis XII wa ku France mu Okutobala 1514. Mfumu yokalambayo itamwalira pa 1 Januwale 1515, iye anakwatiwa mwamseri ku Paris ndi Charles Brandon, bwenzi la Henry. Anakhululukidwa, koma atapereka miyala yamtengo wapatali ndi kulonjeza chindapusa chachikulu cholipira chaka ndi chaka. Mary Boleyn, mchemwali wake wa Anne, anakwatiwa mwamseri mu 1534 ndi William Stafford, munthu wopanda chuma. Anathamangitsidwa kunyumba yachifumu, ndipo m'kalata yake yopempha thandizo kwa Cromwell ananena kuti bola kupemphetsa chakudya ali ndi mwamuna ameneyu kusiyana n'kukhala mfumukazi yaikulu. Margaret Douglas, mwana wa mlongo wake wa Henry, anapangana ukwati mwachinsinsi ndi Thomas Howard. Zitadziwika mu 1536 onse anatsekeredwa ku Tower, ndipo mnyamatayo anafera momwemo mu 1537. Mtsikana wa m'buku akhoza kukana mwamuna amene bambo ake amusankhira. Koma tione akutaya chiyani: ndalama, malo ake pa ntchito, abale, kapena ufulu. Akakana n'kungopita kukavina, owerenga odandaula aja apambana.

Lamulo limodzi lomwe olemba ambiri saligwiritsa ntchito mokwanira ndi la lonjezo. Nthawi imeneyo mwamuna ndi mkazi akangouzana kuti ndakutenga kukhala mkazi wanga, ndakutenga kukhala mwamuna wanga, mpingo unkauwerenga ukwati ngakhale popanda wansembe. Akalonjezana za m'tsogolo kenako n'kugonana, unalinso ukwati. N'chifukwa chake ubwenzi wakale wa Catherine Howard ndi Francis Dereham, omwe ankaitanana mwamuna ndi mkazi, unasanduka nkhani ya boma.

[Pa sikirini: tebulo la chakudya cha nthawi ya Henry VIII]

Zolakwa zing'onozing'ono tingozidutsa. Tiyi anafika ku England cha m'ma 1650, ndiye mfumukazi ya Henry sikanamwa tiyi. Mbatatesi inafika Henry atamwalira kale. Patebulo ankadya ndi mpeni, supuni ndi zala, foloko isanafale. Diresi loyera la ukwati linatchuka ndi Mfumukazi Victoria mu 1840. Cholakwa chimodzi chotere sichipha buku, koma zikachuluka m'mitu yoyambirira zikukuuzani kuti wolemba sanafufuze, ndipo zazikulu zija wazilakwitsanso.

Nanga mungaliyeze bwanji buku musanagule? Yambirani kumapeto, pa mawu a wolemba. Wolemba woona mtima amanena zomwe wasintha ndi chifukwa chake, ndipo amatchula anthu omwe wapeka. Tsamba limeneli likasowa, chenjerani. Kenako werengani mutu woyamba, womwe masitolo ambiri a pa intaneti amaupereka mwaulere, muli ndi funso limodzi: okondanawa akamalankhula, ndani wina ali m'chipindamo, ndipo akuopa kuti amva ndani? Ngati palibe amene akuopa kumvedwa, mutu wa 20 sudzakonza zimenezo.

Pa ndemanga, siyani kaye za nyenyezi zisanu ndi za nyenyezi imodzi. Werengani ndemanga zisanu kapena zisanu ndi imodzi mwa za nyenyezi zitatu, chifukwa kumeneko n'komwe anthu amatchula chomwe chinawakomera ndi chomwe chinawagwetsa ulesi. Dandaulo lililonse muliike pamalo pake. Wodandaula mathero akukuuzani mtundu wa buku. Wodandaula za Anne akukuuzani mboni yomwe wolemba anatsamira. Wodandaula kuti pakati pa buku nkhani ikukwawa, muoneni bwino: kuchokera pomwe Henry anayamba kumufuna Anne cha m'ma 1526 mpaka ukwati wawo wamseri mu Januwale 1533 panadutsa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri za makalata opita kwa Papa opempha kuthetsa ukwati woyamba wa Henry, ndi milandu yosatha. Wolemba wokhulupirika ku mbiri amavutika nazo zaka zimenezi. Ngati ndemanga zingapo zikutchula kuti zaka zodikirazi wazidzaza ndi mikangano ya m'zipinda za akazi awiri okhala pansi pa denga limodzi, Catherine wa ku Aragon akadasokera mwamuna wake malaya pomwe Anne akukwiya nazo, bukulo ligulani.