Uthenga wa mawu: kuteteza maswichi ku loop

Achimwene, mukafika ku loji ya kunyanja ija, musanalumikize chingwe chachiwiri pakati pa maswichi awiri a netiweki, tsimikizani kaye kuti Spanning Tree (STP), dongosolo lomwe maswichi amatsekera chingwe chowonjezera kuti pasakhale njira yozungulira, ikugwira ntchito. Zingwe zikapanga njira yozungulira, yomwe ndi loop, frame ya Ethernet (kachidutswa ka deta koyenda pa chingwe) ilibe chouza kuti ithe ngati paketi ya IP, choncho broadcast, uthenga wopita kwa onse pa netiweki, imangozungulira n'kumachulukana mpaka timagetsi tonse ta pa swichi tiziphethira limodzi mothamanga ndipo palibe kompyuta yomwe ingatsegule kanthu. Pa maswichi a Cisco lembani spanning-tree mode rapid-pvst, chifukwa STP yakale ya 802.1D imatha masekondi 30 mpaka 50 isanatsegule njira ina, pomwe yachangu yake, RSTP ya 802.1w, yomwe lamuloli limayatsa, imatero m'masekondi ochepa.

Tsono root bridge, swichi yomwe imakhala mtsogoleri wa maswichi onse mu Spanning Tree. Ayi, ndiyambe ndi nambala, mwina mumva bwino. Swichi imabwera ndi nambala yotchedwa priority ya 32768, ndipo yomwe ili ndi priority yotsika ndi yomwe imakhala root; maswichi onse akafanana, imapambana ndi yomwe ili ndi MAC address (nambala yake ya ku fakitale) yaing'ono, yomwe kawirikawiri imakhala yakale kwambiri. Ndibwereze, chifukwa apa ndi pomwe pamavuta. Mukapanda kusankha nokha, maswichi asankha okha, ndipo akhoza kusankha kaswichi kotopa ka kuseri kwa khitchini, n'kutseka chingwe chabwino chomwe mumadalira. Swichi yaikulu ya mu ofesi muipatse spanning-tree vlan 1 priority 4096, yotsatira 8192, popeza manambalawa amakwera ndi 4096. Muchite zimenezi pa VLAN (gawo la netiweki) iliyonse, osati yoyamba yokha. Kenako show spanning-tree ikuuzeni kuti root ndi yaikuluyo.

Madoko opita ku makompyuta ndi printa muwaikire spanning-tree portfast (kuti doko litseguke msanga) pamodzi ndi spanning-tree bpduguard enable (kuti lidzitseke likalandira BPDU, uthenga wa Spanning Tree wochokera ku swichi). Pamodzi, achimwene. Ku ofesi ina kuno ku boma ndinawalangiza zimenezi, iwo anati n'kutaya nthawi. Tsiku lina wosesa anaona chingwe chili lende, mwaulemu wake anachilowetsa pa soketi yapafupi, osadziwa kuti mutu winawo uli kale pakhoma lomwelo, ndipo ntchito inaima mpaka madzulo.

Koma doko lopita ku swichi inzake, limenelo ayi, musaliikire bpduguard, chifukwa maswichi amatumizirana BPDU masekondi 2 aliwonse, ndipo likangolandira imodzi lidzitseka, lilembe err-disabled. Zikatero pa doko la kompyuta, pezani kaye chingwe chomwe chayambitsa, muchizule, kenako shutdown ndi no shutdown.

Musachoke musanalembe copy running-config startup-config, apo ayi magetsi akathima zonse mwaikazo zifufutika.