Usilikali Sagula: Mawu a Msilikali Wopuma kwa Makolo ndi Achinyamata a ku Mtendere

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo. Inu anyamata mwaima pakhomopo, lowani, mabenchi alipo. Nkhaniyi ndi yanu.

Nonse mwamva zimene zachitika sabata yathayi kuno ku Mtendere. Dzina sinditchula, amayi ake ali pompano. Mwana wathu analandira uthenga pa WhatsApp woti malo a usilikali alipo, koma atumize ndalama pa foni kuti dzina lake lilowe pa mndandanda. Amayi ake anagulitsa filiji yomwe ankasungiramo nsomba za pamsika. Anamuuza kuti Lolemba amete mpala, akadikire basi pa Intercity. Mwanayo anakhala pamenepo kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, chikwama chili pamiyendo. Anapezanso anzake angapo, onse ometa, onse maso pa foni. Nambala ija mpaka lero siyikugwira.

Abale anga, usilikali sagula. Ine ndinalowa mu 1989, ndinatuluka patatha zaka 24, ndipo polowa sindinapereke ngakhale ngwee imodzi. Tinathamanga mpaka ena kugwa, adokotala anatiyeza maso, chifuwa ndi mapazi, anaona mapepala athu, basi. Zambia Army, ZAF ya asilikali a ndege kaya ZNS, ya National Service ija, akafuna anthu amalengeza poyera, pa wailesi, pa TV ndi m'manyuzipepala. Sanong'oneza munthu usiku. Wina akangoti "tumizani kangachepe," dziwani kuti mwakumana ndi mbala.

Koma chimene chandipweteka kwambiri si mbalayo. Ndi njala imene ndikuona m'maso mwa ana athuwa, yoganiza kuti ukangovala yunifolomu umphawi watha. Inenso ndinali nayo njala yomweyo, ndiye mundilole ndikuuzeni kumene inandifikitsa.

Titamaliza maphunziro ku Kabwe, patapita nthawi kunabwera mwayi wa makosi: umakaniko, zomangamanga, za mawailesi olumikizirana. Ine ndinakana. Ndinkafuna mfuti ndi maulendo a kunja, chifukwa kunjako amalipira ndalama zapadera. Mnzanga wina wa ku Katete anasankha umakaniko. Tinkamuseka akamadutsa ndi ovololo yakuda bii ndi oyilo, ife nsapato zili waliwali. Lero mnzangayo ali ndi galaji yake ku Chawama, walemba anyamata atatu. Ine tsiku lomwe ndinabweza makiyi a nyumba ya kubalaki, ndinabwezanso yunifolomu, ndipo ndinayang'ana manja angawa: ankadziwa kumasula mfuti ndi kuimanganso m'mdima, koma palibe amene amalemba munthu ntchito imeneyo kuno kukomboni. Ndinakhala mlonda wa usiku pa geti la munthu zaka zinayi, ana anga akugona m'nyumba ya lendi.

Ndalama sikuti sindinazione. Mu 1993 tinapita ku Mozambique kukasungitsa mtendere pansi pa United Nations. Ndinabwerako thumba lili tho. Ndinagula wailesi yaikulu, masuti awiri, zotsalazo zinathera kumowa ndi anthu amene lero sandipatsa ndi moni yemwe. Nthawi imeneyo ku Chalala kunali tchire, poloti ndikanagula popanda kutuluka thukuta. Akazi anga anandiuza, ine osamva. Ndipo inu abambo amene mukugwedeza mitu apo, ena mwa inu mukuchita zomwezo lero ndi malipiro anu. Mwezi ukatha akazi anu amakuonani Lolemba.

Palinso mtengo wina umene wa pa WhatsApp uja sangakuuzeni. Mu May 2000 ku Sierra Leone, zigawenga za RUF zinagwira asilikali ambiri a Zambia omwe anapita kukasungitsa mtendere. Ine sindinali nawo, koma ndinaona akazi awo akukhala pakhonde, wailesi ili pakhutu, nsima osadya. Mwana wanga wachiwiri anabadwa ndili kutali. Nditabwera anandithawa, n'kukabisala kumbuyo kwa amayi ake. Zimenezo sizichoka mumtima.

Eya amayi, yankhulani. ... Mwawamva? Akufunsa kuti nanga ana achite chiyani poti ntchito kulibe, ndipo anthu amanena kuti wopanda womudziwa salowa.

Amayi, funso lanu ndi lolemera, sindilipeputsa. Nanenso ndili ndi mdzukulu amene anamaliza Grade 12, wangokhala pakhomo. Ndikudziwa kuti akalengeza, ofunsira amachuluka kwambiri kuposa malo, ndipo mwana akhoza kukhala ndi zonse zofunika koma osatengedwa. Zimawawa. Koma taonani: mawu omwewo oti "wopanda womudziwa salowa" ndiwo nyambo ya mbala. Iye amadziwa kuti mumtima mwanu mwataya kale chikhulupiriro, ndiye amabwera n'kudzitcha "womudziwa" wanuyo. Akutchulirani maudindo, kaputeni wakuti, mejala wakuti, akutumizirani chithunzi cha munthu wovala yunifolomu chimene wangochitola pa Facebook. Mwana akalephera mwa njira yoyenera, wataya ndalama ya basi ndi ya mafotokope, chaka china ayesanso. Akalephera mwa njira ya mbala, filiji yapita, nkhongole yatsala. Usilikali sagula, amayi.

Ndipo musandimve ngati ndikuti ana asalowe usilikali. Ayi. Ndi ntchito yaulemu. Mukamadutsa pa Arakan Barracks, dzina limenelo ndi la dera la ku Burma kumene agogo athu a Northern Rhodesia Regiment anakamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tug Argan ku Ndola, Gondar ku Chipata, onsewo ndi maina a malo a nkhondo. Ine usilikali unandiphunzitsa kusunga nthawi ndi kusasiya mnzanga m'mbuyo, ndipo sindinong'oneza bondo kuti ndinalowa. Chimene ndimanong'oneza nacho bondo n'chakuti ndinalowa osaganizira za tsiku lotuluka. Safunsa anadya phula. Mwana wanu podikira, apite akaphunzire kuwotcherera, zamagetsi, ukalipentala. Akadzalowa luso lija likamuthandiza, akapanda kulowa lidzamudyetsabe.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana kunja, amayi akufuna kukatereka mapoto. Ndithamange.

Mukamva za kulemba asilikali, dikirani chilengezo cha boma, ndipo mukakayika pitani nokha kumaofesi awo mukafunse. Chitupa chanu cha NRC ndi satifiketi yanu musatumize kwa munthu wosamudziwa pa foni. Ndalama musatumize, ngakhale K50, ngakhale wopemphayo ndi wachibale. Usilikali sagula. Inu amene mudzalowe, kosi ikabwera kwezani dzanja, ndalama ya ulendo woyamba gulani poloti, pepala lake lisungidwe ndi akazi anu kapena amayi anu.

Amene munatumiza kale ndalama, ndikudziwa muli muno oposa mmodzi, manyazi asiyeni. Mauthenga aja musafufute, nambala ija isungeni. Mawa 8 koloko m'mawa tikumane pakhomo pa tchalitchi pano, ndikuperekezani kupolisi ine ndemwe. A tcheyamani, mbale ija iyende tisanabalalike, tione ngati amayiwa tingawayambire ya filiji.