Jacaranda kapena flamboyant: uti ungapirire chisanu pakhomo panu ku Harare?

Moni abale ndi alongo. Mukayenda mumsewu wa Leopold Takawira mu Okutobala, maluwa ofiirira a jacaranda amakhala atayala pansi. Pofika Novembala, Blakiston Street imafiira ndi flamboyant. Ambiri timasirira n'kuthamangira kukagula mbande, koma sitifunsa ngati ipulumuke mu Juni.

Poyamba, mitengo iwiriyi tiisiyanitse bwanji ikakhala yopanda maluwa? Masamba ake ndi ofanana, timasamba ting'onoting'ono tothithikana. Yang'anani makoko a nthanga. A jacaranda ndi ozungulira, aphwatalala, olowa m'dzanja. A flamboyant ndi aatali ngati chikwanje, ena amapitirira masentimita 40. Flamboyant imayala nthambi m'mbali, ndipo mizu yake imayenda pamwamba pa nthaka n'kuswa simenti, choncho musaibzale pafupi ndi nyumba.

Tsopano za chisanu. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mu Juni ndi Julayi, usiku wopanda mitambo, chisanu chimagwa. Koma sichigwa mofanana. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka n'kukadikha kumunsi, m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje monga Mukuvisi ndi Marimba. Nyumba ziwiri za mdera limodzi, ina mbande zimawauka, ina ayi.

Flamboyant kwawo ndi ku Madagascar, kotentha. Ikadali yaing'ono, chisanu chausiku umodzi chingaiphe. Jacaranda inachokera ku South America, cha ku Argentina ndi Bolivia. Ikakhwima imapirira chisanu chochepa, ngakhale mbande yake imafunabe chitetezo. Ngati muli kudambo, ine ndikuti isiyeni flamboyant, mungodzipweteka mtima. Jacaranda nayo muziizulira tiana tomera tokha, chifukwa imafalikira n'kulanda malo a mitengo yachilengedwe.

Bzalani mvula ikakhazikika, mu Novembala kapena Disembala, kuti mizu igwire chisanu chisanabwere. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, mu Meyi mangirirani udzu wouma mozungulira tsinde, kumwamba kukhale kotsegula. Thirirani m'mawa, chifukwa nthaka yonyowa imasunga kutentha kwa dzuwa. Lekani feteleza dzinja likatha, chifukwa mphukira zanthete ndizo zimayamba kupsa. Nsonga zikawauka musafulumire kudula, zimatchinga zamkati. Dikirani Seputembala, muone pamene paphukira, mudule pamwamba pake.